Munthu wa nambala 101 pa geti la tchalitchi

Zaka zapitapo ndithu koma nkhani iyi ikukana kundichoka, ndiye ndangoti ndiilembe mwina mtima ungakhaleko pansi. Ine ndine mlembi wa mphakati wathu (kagulu ka Akatolika oyandikana nyumba) kuno ku Lilongwe, udindo uja anthu amauthawa pa masankho chifukwa ndi wosunga kope, kulemba amene wadwala, amene wapereka mtulo, amene mwana wake akuyamba kalasi ya ubatizo, zoterozo. Mu 2020, nthawi ya Covid, udindo womwewu unandiimika pa geti la tchalitchi, pepala kumanja kwina cholembera kwinaku, kuwerenga akhristu anzanga kuti uyu alowe uyu abwerere.

Anthu 100 basi

Mukukumbukira pa 20 Malichi 2020 pomwe a Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi, masukulu atsekedwe kuyambira pa 23, ndipo anthu asasonkhane kupitirira 100 kaya ndi pa ukwati, pa maliro kapena pa mapemphero. Nthawi imeneyo kuno kunali kusanapezeke ngakhale munthu mmodzi wa Covid, atatu oyamba aja anadzalengezedwa pa 2 Epulo. Ife tinali pakati pa Lenti.

Ndiye tangoganizani parishi ya m'tauni, yoti Misa yachiwiri anthu amadzaza mpaka ena kuima m'mawindo ena kukhala pa njerwa panja, mukuiuza kuti 100 basi. Bambo mfumu anaitanitsa akuluakulu a tchalitchi ndi ife a m'miphakati, tinakhala panja motalikirana, ndipo zomwe tinagwirizana ndi zoti Misa zichuluke, ziyambe Loweruka madzulo mpaka Lamulungu masana, iliyonse ikhale yaifupi, mphakati uliwonse upatsidwe malo ake owerengeka ndipo alembi azilemberatu maina mkati mwa sabata. Pakhomo tinaika ndowa za mpopi ndi sopo. Madzi odalitsidwa aja timaviika chala polowa anachotsedwa. Pa mtendere osagwirana chanza, kungowerama. Ukaristia kulandirira m'manja basi, osati pa lilime. Kwaya inadulidwa kutsala anthu ochepa, ana ovina kutsogolo aja anauzidwa kuti ayambe apuma kaye. Ndipo panali mfundo ina yomwe tonse tinavomera ndi mtima umodzi chifukwa inali yachikondi, yoti okalamba ndi amene ali ndi BP, shuga kapena mphumu akhale kunyumba azitsatira Misa pa wailesi.

Lockdown yeniyeni ngati ya ku Joni ife sitinaione. Mchimwene wanga ali ku Johannesburg ankandiuza kuti kwawoko kuyambira kumapeto kwa Malichi matchalitchi anakhomedwa ndi loko, asilikali ali mumsewu. Kuno boma linati pa 18 Epulo tiyamba ya masiku 21, mavenda anakwiya n'kulowa mumsewu kufunsa kuti tidya chiyani, a HRDC, bungwe lomenyera ufulu wa anthu, anathamangira ku khothi ndipo Justice Kenyatta Nyirenda anaiimitsa isanayambe n'komwe. Choncho tchalitchi chathu sichinatsekedwe chitseko. Chinangochepa. Ndipo munthu woima pomwe chinathera kuchepako ndinali ine, ndi pepala langa.

Lamulungu la Kanjedza

Linali pa 5 Epulo. Chaka chimenecho kunalibe mdipiti wa kanjedza uja timayambira kutali tikuimba Hosana, aliyense anangobwera ndi wake n'kukakhala pa benchi pomwe panalembedwa ndi choko. Ine ndinali pa geti ndi mnyamata wina wa gulu la achinyamata, iye akuthira anthu sanitaiza ine ndikuchonga maina. Tinawerenga mpaka 100, a katekisiti anakodola dzanja kuti tsekani, mnyamata uja wayamba kukoka geti, ndiye ndikuona agogo akubwera cha kumsewu wafumbi pang'onopang'ono ndi ndodo yawo.

Agogo amenewa ndi a mphakati wathu womwe. Amakhala kumapeto kwenikweni kwa dera lathu, kufupi ndi dambo, ndi mdzukulu wawo wamwamuna yemwe amapalasa kabaza. Anavala chitenje cha Amayi Achikatolika chakalekale choti chithunzi chinafufuma, duku lomanga bwino, kanjedza ali m'manja ataluka kamtanda kunsonga. Dzina lawo pa pepala panalibe. Silikanakhalapo, chifukwa maina tinkalemberana pa gulupu ya WhatsApp ndi pa foni, ndipo iwo anali m'gulu lomwe tinati likhale kunyumba.

Ndinawapatsa moni, anayankha bwinobwino, kenako ndinati, "Agogo, pepani, m'katimo mwadzaza. Komanso paja anati inu akuluakulu muzikhala kunyumba, matendawa akuvuta kwambiri anthu a msinkhu wanu."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanakalipe ayi, ndipo mwina akanakalipa zikanandipepukira. Anangoti, "Ndinamva mwana wanga, mdzukulu wanga anandiuza. Koma ine kanjedza sindinamujombepo chibatizidwire. Nanga ndine wachingati?"

Ndinati, "Mukanakhala a 101, agogo."

"Oho. Ndiye ine ndatsala panja ndi mmodzi yekha."

Mmero wanga unauma. A tcheyamani a mphakati wathu, bambo wamkulu thupi, kalipentala wodziwika m'dera lathu, anali atakhala pa benchi yakumbuyo ndipo anaona zonse. Anatuluka chipewa chili m'manja n'kunena kuti amayi lowani mukakhale pamalo panga ine ndiima kuno. Agogo anakana. Anati, "Iyayi bambo, bwererani. Lamulo ndalimva, sindinabwere kudzavutitsa ana. Ndikhala apa." Analoza mtengo wa mango womwe uli kunja kwa mpanda, moyang'anana ndi zenera la kuguwa komwe kuli sipika, anayala kachitenje kena pansi n'kukhala mwendo uli tambalale.

Ine Misa imeneyo sindinalowe, ndinatsala pa geti. Ndinkawaona. Nthawi ya kuwerenga za masautso a Ambuye, yaitali ija, iwo anali chete mutu uli pansi. Pomwe anthu m'katimo anagwada, iwo anagwira ndodo n'kuyesa kugwada pa dothi, bondo limodzi kenako linalo. Mayankho onse ankayankha mokweza, osaphonya. Ndipo chomwe chinandidabwitsa, Misa isanafike pakati pansi pa mango paja panali patakhala anthu ena, abambo wina wokalamba wa mphakati wina, amayi awiri, wina ndi mwana kumbuyo, onse oti anafika n'kupeza geti lotseka ndipo m'malo mobwerera anaona agogo akhala nawonso anakhala, motalikirana okha popanda wowauza.

Itatha Misa a tcheyamani anakanong'oneza bambo mfumu. Abambo sanavule n'komwe zovala za Misa, anasambanso m'manja pa ndowa, anatenga Ukaristia n'kuyenda mpaka pa geti, ine n'kutsegula. Anawalandiritsa mmodzimmodzi pansi pa mtengo pompo, dzanja atalitambasula patali. Agogo analandira, anatseka maso, anakhala choncho mpaka Abambo analowanso.

Ndinawaperekeza. Tinkayenda iwo kutsogolo ine m'mbuyo pang'ono, ndipo panjira ndinayesa kuwalimbikitsa kuti Lachisanu Loyera ndi Pasaka asavutike, Radio Maria iulutsa zonse, Radio Alinafe nayonso, ngati ndi mabatire ndiwabweretsera. Anati wailesi ali nayo ndipo amamvera tsiku ndi tsiku, kolona ya m'mawa saiphonya. Kenako anaima, n'kutembenuka. "Koma mwana wanga, wailesi siyindifunsa kuti ndadzuka bwanji. Chiyambireni zimenezi pakhomo panga sipanaponde munthu wa mpingo."

Anapitiriza kuyenda ngati sananene kanthu.

Za Facebook ndi bandulo

Ndisanapitirire ndinene kaye za intaneti, chifukwa ndikudziwa ena muziti nanga si tinali ndi Misa za pa Facebook. Eya tinali nazo, ndipo ana aja amene anaziyambitsa ndimawanyadira mpaka lero. Analibe kamera, analibe chilichonse, anangotenga foni ya mmodzi wa iwo n'kuimangirira ndi selotepi pa mtengo wa sitandi ya kwaya, bandulo ankasonkherana okha ndalama za m'thumba. Magetsi akazima sipika imazima, mawu osamveka, netiweki imatha kudula pakati penipeni pa pemphero la Ukaristia anthu n'kumalemba m'munsimo kuti sizikumveka, sizikumveka. Koma sanasiye. Akhristu athu omwe ali ku Joni, ku UK, ku Ireland ankaonera Misa ya kwawo m'Chichewa ali m'chipinda chotsekeredwa, ena ankalira, ena anayamba kutumiza kangachepe kothandizira parishi. Inenso kavidiyo ka Papa Francis ka pa 27 Malichi, ali yekhayekha pa bwalo la St Peter's mvula ikugwa, ndinakaonera pa WhatsApp ndipo kanandigwira mtima kwambiri.

Koma tiyeni tinene zoona, mu mphakati wathu ndi angati ali ndi foni yoti n'kuonerapo Misa ya ola lathunthu? Ndipo mwa amenewo ndi angati akanasankha bandulo kusiya kugula kapaketi ka ufa ndi bonya, nthawi yomwe geni inali itaima? Luntha TV inkaonetsa Misa, koma imafuna TV ndi magetsi. Ambiri athu ali ndi kafoni ka mabatani, ena alibiretu. Ndiye manambala aja a anthu oonera ankatisangalatsa pa miting'i, koma anali anthu omwe aja oti ngakhale pa pepala la 100 maina awo ankalowa msanga chifukwa uthenga unkawapeza poyamba. Amene anali kunja pa geti ndi omwenso anali kunja pa Facebook. Anthu omwewo, kawiri.

Kope

Sabata ya Pasaka itatha tinakumana anthu ochepa pakhonde pa a tcheyamani, pakati pa matabwa ndi utuchi, ine ndi iwo, msungichuma wathu, ndi a katekisiti. Ndinawafotokozera mawu a agogo aja momwe anawanenera. Panakhala kaye zii.

A katekisiti ndi munthu wachikulire, anakulira mu mpingo, ndipo ndi amene anatikumbutsa kuti miphakati siinayambike kuti tizisonkhetsa ndalama za pepala Sande. Anatiuza za Ambuye Patrick Kalilombe, episkopi wa Lilongwe m'zaka za m'ma 1970, ndi sinodi yaing'ono yomwe anachititsa kuyambira 1973 mpaka 1975, kuyenda m'maparishi kufunsa akhristu wamba kuti mpingo ukhale wotani, ndipo maepiskopi a chigawo chino cha kum'mawa kwa Africa, a bungwe la AMECEA, mu 1976 anadzagwirizana kuti timagulu timeneti tikhale maziko a mpingo. Ganizo lake linali loti ansembe ndi ochepa, mitunda ndi yaitali, ndiye mpingo uzikhala komwe anthu akukhala, oyandikana nyumba azidziwana, azipempherera limodzi, azinyamulana. A katekisiti anati ife tinazolowera kuti mphakati ndi msonkhano wa Lamulungu masana, ndiye msonkhano utaletsedwa tinaona ngati mphakati watha.

Tinatsegula kope langa lija. Tinayamba nyumba ndi nyumba, kulemba aliyense wokalamba, wodwala, wolumala, mayi wamasiye, ndi amene sitinamuonepo chiyambire malamulowa. Mndandanda unatalika kuposa momwe tinkaganizira. Kenako tinawagawa, banja lililonse lamphamvu lipatsidwe nyumba imodzi kapena ziwiri zoti ndi zake. Malamulo ake anali ochepa: upite sabata iliyonse, usalowe m'nyumba, uime pabwalo patali utavala masiki, ufunse moyo, uwerenge Mthenga Wabwino wa Lamulungu limenelo mokweza, mupemphere Atate Athu, ndipo ukaona kuti pakhomopo sipanafuke utsi uuze msungichuma tsiku lomwelo. Amene anali ndi kafoni tinawauza kuti akafuna kanthu angoflasha, ife tiimba. Ine ndinatenga nyumba ya agogo.

Maina a ofuna Ukaristia tinkapereka kwa Abambo, ndipo iwo ndi asisitere ankazungulira mkati mwa sabata, kulandiritsa anthu pakhonde. Kulapa nakonso kunatuluka m'kachipinda kaja, kunkachitikira pansi pa mtengo, mipando iwiri yotalikirana, ena onse ataima kutali kuti asamve.

Tsopano apa ndi pomwe maso anga anatsegukira zinthu zina. Ife tinkaganiza kuti amene sakubwera ku tchalitchi akuopa Covid. Ena inde. Koma titayamba kuima pamakomo tinapeza kuti ambiri chinkawaletsa ndi manyazi. Bambo wina wolondera pa malo ogona alendo anachotsedwa ntchito chifukwa alendo kunalibe, ndiye analibe yoponya m'mbale, ndipo Misa ya anthu 100 okhala motalikirana aliyense amaona amene sanadzuke kukaponya. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa pa geti la sukulu, sukulu itatsekedwa msika wake unathera pomwepo. Banja lina linali ndi masiki imodzi yobwerekana. Inenso ndine mphunzitsi wa pa sukulu yapulaiveti, ndipo kuyambira pomwe anatseka mu Malichi mpaka pomwe makalasi anayamba kutsegulidwa mu Seputembala malipiro kunalibe, ndiye zimene ankanenazo ndinkazimva m'thupi mwanga momwe.

Amayi awiri a mu mphakati omwe ali ndi makina anayamba kusoka mamasiki a zidutswa za zitenje n'kumagawa ulere. Mbale ya chopereka tinapempha kuti ichoke kutsogolo, pakhale bokosi pakhomo loti munthu aziponya potuluka popanda womuyang'ana, ndipo Abambo anavomera ngakhale iwonso zinthu zinali zitawathina, mafuta a galimoto opitira ku nthambi ankasowa, mlonda ndi wophika wa parishi ankadikira malipiro. Ena ankatumiza chopereka pa Airtel Money ndi Mpamba. Zinathandiza, koma sizinafike pomwe tinali kale.

Agogo aja nawonso sanafune kumangolandira. Ulendo wina ndikuwerengera Mthenga anandidula n'kunena kuti, "Iwe, kope lakolo lili ndi maina a odwala eti? Undiuze, ine ndilibe chochita tsiku lonse." Kuyambira pamenepo sabata iliyonse ndinkawatchulira maina, iwo sadziwa kuwerenga koma mutu wawo ndi wakuthwa, ankawasunga onse n'kumawatchula pa kolona yawo, ndipo ndikabweranso ankafunsa mmodzimmodzi kuti uja wa chifuwa ali bwanji, uja woyembekezera wachira kodi. Okalamba ena atamva nawonso anafuna maina awo oti aziwapempherera. Anthu omwe tinawauza kuti khalani kunyumba anasanduka ogwira ntchito a mphakati.

Kampeni, kenako anthu 10

Chinthu chimodzi chinkatipweteka ndipo sindibisa. Meyi ndi Juni 2020, chisankho chachibwereza cha pa 23 Juni chikuyandikira, misonkhano ya kampeni inkadzaza mabwalo, mbali zonse, anthu kuthithikana popanda masiki, pomwe ife tikubweza agogo pa geti chifukwa cha munthu mmodzi. Akhristu ankandifunsa pa geti pompo kuti kodi matendawa amangodziwa njira ya ku tchalitchi, ndipo ine ndinalibe yankho. Julayi atafika odwala anachuluka zedi.

Mu Ogasiti boma latsopano linatulutsa malamulo oti anthu asapose 10 pa msonkhano uliwonse kuphatikizapo mapemphero, masiki mokakamiza. Maepiskopi ndi atsogoleri a mipingo ina anadandaula poyera kuti sanafunsidwe, ndipo patangopita masiku ochepa chiwerengero chinabwerera pa 100. Masiku ochepa amenewo anthu ambiri anasokonezeka, koma ife a kope tinangopitiriza zomwe tinkachita kale, chifukwa pabwalo pa agogo sitinkaposa atatu.

Januwale 2021

Mwezi uwu ndimavutika kuulemba. Pofika Khirisimasi tonse tinali titatayirira, mamasiki ali m'thumba, tikuti zatha. Kenako Januwale anabwera ndi mauthenga a maliro pa gulupu iliyonse, m'mawa wina masana wina. Pa 12 Januwale nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, a Chakwera n'kulengezanso kuti dziko lili pa ngozi. Chiwerengero cha ololedwa kusonkhana chinatsika kufika pa 50, usiku kuyambira 9 koloko osayenda, Bingu Stadium inasanduka chipatala, okosijeni ankasowa ndipo anthu ankasonkherana pa intaneti kugula masilinda.

A tcheyamani athu anayamba ndi kutsokomola, ankati ndi utuchi. Kenako kubanika. Anawatengera kuchipatala usiku ndipo sanabwerenso.

Inu mukudziwa maliro a munthu ngati ameneyu mmene akanakhalira nthawi zabwinobwino. Munthu woti mabenchi ena a m'tchalitchi mwathu anakhoma yekha osalipiritsa, woti mabokosi a amphawi a mu mphakati ankapanga pa ngongole yomwe sankaitsatira. Bwenzi kwaya itagona pamenepo usiku wonse, amayi kuseri ndi miphika, abambo pamoto, Misa yodzaza, mzere wa nkhata. Panalibe chilichonse cha zimenezi. Thupi linachoka ku mochale molunjika kumanda, bokosi lotseka, onyamula ndi azaumoyo atavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Abambo anapemphera ataima patali, mwachidule. Nkhope sitinaone. Ine ndinali m'gulu la ochepa omwe anafika kumanda, ndipo pobwerera ndinkangomva ngati taba maliro a munthu n'kukawabisa.

Amayi akunyumba kwa a tcheyamani anauzidwa kuti akhale m'nyumba masiku 14 osatuluka, iwo ndi ana. Ndipo anthu oyandikana nawo, oopa, anayamba kulambalala nyumbayo, ana awo kuwaletsa kuyandikira mpanda, pa kiyosiki ya madzi anthu ankapatuka akaona ndowa ya pakhomopo. Sindikuwaweruza, mantha anali enieni, tonse tinali nawo. Koma mayi woti wataya mwamuna dzana, ali yekha m'nyumba, palibe ngakhale womukhazika pa mphasa n'kulira naye.

Madzulo a tsiku lotsatira mdzukulu wa agogo anandiimbira n'kuwapatsa foni. Sanachedwe ndi moni. "Mwana wanga, ndamva kuti kwa a tcheyamani kuli zii. Maliro n'kulirana. Ngati simungalowe m'nyumba, kodi pamsewu aletsanso?"

Tinapita. Tinagawana m'timagulu ta anthu ochepa, madzulo aliwonse cha m'ma 5 koloko gulu limodzi linkaima pamsewu kunja kwa mpanda wa kapinga uja, motalikirana, mamasiki kukamwa, n'kuimba nyimbo za maliro zomwe tikanaimba pa siwa. Mawu ankatuluka mobanika chifukwa cha nsalu koma ankamveka. Tsiku loyamba chitseko chinali chotseka mpaka nyimbo yachitatu, kenako chinatseguka, amayi aja anatuluka n'kukhala pakhonde, ndipo analira kulira kwenikweni kuja kwa maliro, kotchula dzina, komwe kumanda sanalire chifukwa zonse zinachitika mothamanga. Ifenso pamsewupo tinalira. Tinapemphera kolona, iwo akuyankha ali pakhonde ife tili kuno. Chakudya tinkasiya pa geti m'mbale zoti asabweze, nkhuni, makala, madzi anyamata ankatunga n'kuthira mu ndowa zomwe ana ankaika panja. Chipepeso tinatumiza pa foni. Isanakwane 9 aliyense anali kwawo.

Pofika tsiku lachitatu ena mwa oyandikana nawo aja, oti si Akatolika n'komwe, a CCAP, a Seventh Day, ndi mayi wina wachisilamu wa nyumba yoyang'anana nayo, anayamba kutuluka n'kuima pamakomo pawo nthawi ya nyimbo. Agogo anabwera kamodzi, pa kabaza ya mdzukulu wawo, tinawaletsa koma anati a tcheyamani anafuna kuwapatsa malo awo pa benchi ndiye iwo sangalephere kudzaima pamsewu pawo. Tinawaikira mpando kutali ndi aliyense. Anayambitsa nyimbo ina yakale yoti ambiri a ife tinkangodziwa kolasi yokha.

Masiku 14 atatha amayi aja anabwera ku Misa ya 50. Dzina lawo ndinalilemba poyamba.

Katemera

Katemera wa AstraZeneca atafika mu Malichi 2021 nkhondo inasamukira pa WhatsApp. Mavoisi noti oti ndi 666, oti ukabayitsa sudzabereka, oti pakatha zaka ziwiri udzafa, ankazungulira ngakhale pa gulupu ya mphakati yomwe, otumiza ndi anthu opemphera bwino ndithu. Anthu anachita mphwayi, ndipo mu Meyi boma linawotcha katemera pafupifupi 20,000 yemwe anatha mphamvu asanagwiritsidwe ntchito. Bambo mfumu wathu anabayitsa n'kudzanena paguwa, koma chomwe ndinaona chikugwira ntchito kwambiri ndi pabwalo pomwe paja, munthu yemwe wakhala akukuyendera chaka chathunthu akakuuza kuti ine ndabayitsa mkono unangolemera masiku awiri, tiyeni ndikuperekezeni. Si onse anavomera, ndipo amene anakana sitinasiye kuwayendera.

Amene sanabwererenso

Malamulo anatha, mabenchi anadzazanso, ana akuvinanso kutsogolo, tikugwirananso chanza pa mtendere. Koma ine amene ndimasunga kope ndikudziwa kuti si onse anabwerera. Ena tinawaika m'manda. Ena anapita kumudzi ntchito itatha ndipo sanabwerenso m'tauni. Ena anazolowera kupemphera pa foni, anapeza alaliki a pa Facebook ndi YouTube omwe amawasangalatsa, Lamulungu amakhala pa mpando kunyumba. Ndipo alipo ena, awa ndi amene amandisowetsa tulo, oti anali m'miphakati ina komwe kunalibe wowayendera, anadwala okha, anaika maliro okha, ndipo anangoti mpingo uwu sunandifune.

Ku khonsolo ya parishi timakanganabe za ndalama. Achinyamata akufuna kamera yabwino ndi intaneti yokhazikika kuti Misa ya pa Facebook ipitirire, ndipo ali ndi mfundo, a kunja aja amaidikira. Ine ndimaimirira n'kunena kuti chabwino, koma pa bajeti yomweyo pakhalenso njinga ya a katekisiti ndi kathumba ka odwala ka mphakati uliwonse, ndipo alembi onse akhale ndi mndandanda wa okalamba awo woti Abambo aziufunsa. Ena amati mayi inu nkhani yanu ndi imodzimodzi chaka ndi chaka. Ndi imodzimodzidi, ndipo ndidzainenanso.

Ngakhale kwathu komwe kuyenderana kuja kwayamba kuzilala, anthu atanganidwa, zinthu zakwera mtengo, aliyense akuthamangira za pakhomo pake, mabanja ena omwe anapatsidwa nyumba papita miyezi osapondako. Pa msonkhano wathawu ndinawerenga maina onse mokweza, nyumba ndi amene anaitenga, ndipo tinagawananso mwatsopano. Patsala mabanja awiri omwe sanaonekenso ku tchalitchi chichokereni 2021. Limodzi linatiyankha kuti tisavutike. Linalo lavomera kuti tipite Loweruka likubwerali ine ndi a katekisiti, koma akuti tifike masana chifukwa m'mawa amayiwo amakhala ali ku msika.